Mano oikirira a agogo: tisonkhe kapena tisiye?

Achemwali aakulu: Abale, Loweruka ndinali kumudzi. Agogo atsala ndi mano anayi okha, akutsogolo. Chimanga chootcha akungochiyang'ana, nyama amayamwa msuzi kenako n'kupatsa galu. Ndiponso mwana wanga anamuitana dzina la malemu mng'ono wawo kawiri konse. Dokotala wa mano akuti angawapangire oikirira. Tisonkhe?

Malume: Ndalama imeneyo ndi feteleza wa munda wonse, ana inu. Kuiwala ndi ukalamba basi. Mano ndi mutu zikugwirizana pati?

Msuweni namwino: Zimagwirizana ndithu, malume. Munthu akamatafuna, magazi amayenda ambiri ku ubongo. Ku Sweden mu 2012 anafufuza okalamba 557 a zaka 77 kupita m'tsogolo. Amene ankavutika kutafuna zolimba ngati apulo ndi amene ambiri mutu sunkagwira bwino, ndipo zinalibe kanthu kuti mano ndi obadwa nawo kapena oikirira, bola akutafuna. Ku Japan nkhaniyi anaitenga kalekale, mu 1989 anayambitsa kampeni ya 8020, yoti munthu afike zaka 80 ali ndi mano 20.

Malume: Ndiye tikagula akumbukira maina?

Msuweni namwino: Ayi, pamenepo ndisakunamizeni. Anaona kuti zinthu ziwirizi zimayendera limodzi, koma mwinanso woiwalaiwala ndi amene amasiya kutsuka m'kamwa mano n'kuthothoka. Si mankhwala.

Mlamu wa ku Johannesburg: Apongozi anga tinawagulira. Anavala masabata awiri, akuti akuwatupitsa nkhama, pano ali m'kapu pawindo, adzukulu amaopsezana nawo.

Msuweni namwino: Amenewo simunabwerere nawo kuti akawapale, alamu. Oyamba amapweteka, amafunika kukonzedwa kangapo. Werengeranitu thiransipoti yobwereza.

Achemwali aakulu: Ine za ubongozo ndazimva, koma changa n'chakuti chitenje chimene ndinawagulira chaka chatha pano akuchizunguliza kawiri. Phala m'mawa, phala madzulo. Mtedza umene alima okha sakuulawa.

Malume: Nanga eni akewo mwawafunsa? Mayi anga ndimawadziwa ine, akakana akana.

Achemwali aakulu: Ndinawafunsa. Anaseka, akuti “kodi amenewo amatha nzimbe?”

Malume: Hahaha, ndiye afuna. Ndipereka theka la gawo langa mwezi ukatha, linalo ndikagulitsa soya. Koma wopita nawo kokayeza asakhale ine.