Kodi chitsulo chotchinga m'mbali mwa msewu chikagundidwa, chiwongoledwe kapena chisinthidwe?

Akuluakulu, makamaka inu odziwa ntchito ya misewu, ndikupempha nzeru zanu. Pa msewu wa Great East, potuluka mu Lusaka kulowera ku Chongwe, pali malo pomwe galimoto inagunda zitsulo zotchinga: chimodzi chinapindika, mizati iwiri inapendekeka, mabawuti anathothoka, moti nsonga ya chitsulocho tsopano yaloza kumene magalimoto amachokera ngati mkondo.

Kodi akatswiri amayang'ana chiyani posankha kuti ichi chiwongoledwe, icho chichotsedwe? Ine ndikuona kuti chitsulo chong'ambika, kapena chimene utoto wa zinki woteteza dzimbiri wasendeka, sichingalimbenso mofanana ndi chatsopano ngakhale chitawongoledwa bwino, chifukwa ntchito yake ndi kupindika pang'onopang'ono ndi kubwezera galimoto mumsewu. Nanga mzati wopendekeka pang'ono, koma dothi lozungulira litafewa ndi mvula, uyenera kuzulidwa ndi kukhomedwanso?

Chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi nsonga ija, chifukwa maminibasi odzaza anthu amadutsa pomwepo usiku. Kodi nkhani yotere tikaipereke ku bungwe la boma loyang'anira misewu la Road Development Agency kapena ku khonsolo, ndipo kuwonongeka kotani kumatengedwa kukhala kofunika kukonza msanga?