Dishi yanga ya 60cm ikukana kugwira matchanelo aulere

Chimzy88: Akuluakulu ndithandizeni nzeru. Nyumba yomwe ndalowayi ndapeza dishi ya 60cm ili pakhoma, LNB yake (kachipangizo kolandira signal kutsogolo kwa dishi) ilipo, ndiye ndagula dekoda ya free-to-air kuti ndizionera osalipira pamwezi. Dzulo ndakhala pa makwerero kuyambira masana mpaka mdima, mwana wanga akundikuwira manambala kuchokera pabalaza, strength ikufika 80% koma quality ili pa 0 osasuntha olo pang'ono. Dishi yachepa kapena dekodayo ndi yakufa? Ndikufuna setilaiti ya Intelsat 20.

MjombaWaMadishi: Achimwene musataye mtima, dekoda ili bhobho. Strength ija isakunamizeni, imangokuuzani kuti magetsi akufika ku LNB ndipo chingwe sichinaduke, mutha kulozetsa dishi kumtengo ikupatsanibe 80. Yofunika ndi quality, ndipo imabwera pokhapokha dekoda yagwira transponder yeniyeni (gawo la setilaiti lomwe limatumiza gulu la matchanelo). Poyamba lowani mu antenna settings muone LNB frequency. Dishi yaying'ono ndi ya Ku-band ndiye pakhale Universal, 9750/10600, 22kHz ikhale pa auto. Mukapeza 5150 imeneyo ndi ya C-band, ya madishi akuluakulu aja, mutha kutembenuza sabata yonse osaona kanthu. Kenako sankhani transponder imodzi yomwe ikugwira ntchito panopa, frequency, symbol rate ndi V kapena H (vertical kapena horizontal) zikhale zolondola, muziyang'ana yomweyo.

Intelsat 20 ili pa 68.5°E, ikani app ya satellite finder pafoni ikuuzeni koloza malinga ndi komwe muli. Setilaitiyo ili makilomita pafupifupi 36,000 pamwamba pa equator ndiye kuphonya ndi madigiri awiri basi zithunzi palibe. Masulani maboti pang'ono, sunthani kachidutswa ngati mulifupi mwa chala, imani muwerenge mpaka 5 chifukwa dekoda imachedwa kuyankha, ndiye musunthenso. Anthu ambiri amaidutsa setilaiti chifukwa chothamanga. Komanso madishi a offset (omwe LNB yake ili cha m'munsi, osati pakati) amaoneka ngati akuyang'ana pansi pomwe akuloza m'mwamba ndi madigiri oposa 20, musaigadamitse kwambiri.

NaPhiri_J: Kuwonjezera pa zomwe anena amjombawa, onani konekita. Ine ndinavutika masiku atatu, kumasula F connector (kachitsulo kopotoza kumapeto kwa chingwe) ndinapeza kawaya kamodzi ka ulusi wasiliva uja kakukhudza waya wapakati, kang'onong'ono ngati tsitsi. Nditakachotsa zonse zinayera. Muzithimitsa dekoda kukhoma musanagwire chingwe chifukwa mumadutsa 13V kapena 18V. Ndipo quality ikangotuluka potozani LNB mu kolala yake pang'onopang'ono, kwanga inakwera kuchoka 45 kufika 70 ndi zimenezo zokha. Zoti 60cm imagwira ndi zoona koma mvula yamphamvu ikabwera zithunzi zimayamba timabokosi kenako no signal, ngati mungathe mtsogolo pezani ya 90cm.

Kadzidzi_FTA: Ndingokuchenjezani amwene kuti musadzakhumudwe. Mukapanga blind scan atuluka matchanelo ambirimbiri koma omwe ali ndi $ kapena kaloko ndi otsekedwa, sankhani FTA only (aulere okha) kuti asakudzazireni list. Aulerewo ambiri ndi a mapemphero ndi nkhani, mpira wa ma league akuluakulu musauyembekezere. Onaninso pa bokosi ngati palembedwa DVB-S2, yakale ya DVB-S siyiona matchanelo ambiri a HD. Ndipo amasamukasamuka ma frequency, muzipanga scan mwa apo ndi apo.

Chimzy88: Amjomba mwalasa! Inalidi pa 5150. Ndasintha, ndatulutsa TV panja kuti ndiziona ndekha, mphindi 20 zisanathe kamzere ka quality kanadumpha kufika 52, mwana mpaka kuvina. Mayi NaPhiri zopotoza LNB zija zandifikitsa pa 68. Koma ndikamanga maboti ikutsikanso kufika 60, ndimange bwanji kuti isasunthe?

MjombaWaMadishi: Mangani mosinthanasinthana, uku pang'ono uko pang'ono, maso ali pa quality. Lomaliza likhale boti la elevation, lokwezera ndi kutsitsira dishi.