Bambo akunyumba akanika kusiya ndudu, ndithandizeni

Membala wobisa dzina: Admin ndibiseni chonde. Abale bambo akunyumba anayamba kusuta tisanakwatirane koma pano zanyanya, akangodzuka asanasukusule nkomwe ayatse kaye ndudu, makatani onse kununkha ndipo mwana wathu wamng'ono usiku amangotsokomola. Ndalama ya ndiwo imathera pa okala, ndikayankhula akuti ndine wolongolola, apongozi nawo akuti amuna awo ankasuta chingambwe mpaka kukalamba ndiye ndisamuvute mwana wawo, apongozi omwewa anatenga mbaula yanga mpaka lero sanabweze. Chaka chatha anasiyako koma anali aukali, tulo osagona, kenako anayambiranso. Mufodyamu muli chani kodi? Kapena anawadyetsa?

Mlimi wa ku Kasungu: MUSANYOZE FODYA. Mafuta a galimoto mukukwerazo dziko limagula ndi forex ya bale yemwe timapita naye ku Kanengo ndi Chinkhoma ife. Vuto ndi amuna anuwo osati mbewu

Make mapasa: Pitani nawo ku mapemphero a usiku, ndi chiwanda chimenecho

Namwino: Sanawadyetse mayi. Ndi nikotini, akakoka utsi imafika ku ubongo pa masekondi 10 mpaka 20, ubongo nkutulutsa kemikolo yotchedwa dopamine munthu nkumva bwino. Pakatha maola awiri theka lake limakhala latha mmagazi ndiye chibaba chija chimabwerera, nchifukwa m'mawa amathamangira ndudu poti usiku wonse sanasute. Ukali ndi kusowa tulo zimafika pachimake masiku awiri atatu oyambirira, pakatha masabata angapo zimachepa. Koma eni akewo akufuna kusiya? Amasuta zingati patsiku?

Mlimi wa ku Kasungu: Anamwino malipiro anu amachokera kuti? Ine ndalima fodya moyo wanga onse sindinasutepo, kudzigwira basi

Mnyamata wa kabaza: Kkkk bwana ndiye mumangolimira anzanu zoti afe nazo

Mlimi wa ku Kasungu: Iwe mwana udziwa chani, ambiri amapita kunja fodyayu. Pita ukafunse mtengo wa feteleza ndi momwe ogula amatibera pa okushoni

Mayi wamasiye: Ine malemu amuna anga zinayamba chonchi. Kutsokomola, kuonda, tinazungulira kwa asing'anga mbuzi ziwiri zinapita, pofika kuchipatala anati mapapo anatha kale. Achibale anabwera kudzalanda ndi malata omwe, mpaka pano mtima umandiwawa

Namwino: Pepani mayi. Chimene chimaononga mapapo kwambiri ndi phula la mu utsi, mu utsimo muli makemikolo oposa 7,000 ndipo pafupifupi 70 amayambitsa khansa, mulinso carbon monoxide yemwe amalanda malo a mpweya wabwino mmagazi. Chingambwe nachonso chimodzimodzi. Mwanayo mupite naye kuchipatala, ndipo bambowo asamasutire mnyumba ngakhale pazenera

Ndinasiya: Ine chinandithandiza kutafuna mtedza ndikusiya kaye mowa, chibaba chimabwera mphindi zochepa nkupita. Ma pharmacy ena mtauni amagulitsa chingamu cha nikotini, funsani

Make mapasa: Kuchotsa nikotini ndi nikotini? Anthu inu

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. Nanga za mbaulazi ndiwauze ankhoswe kapena ndingokatenga ndekha?

Mlimi wa ku Kasungu: Ankhoswe mayi, ndipo powauza musatchule fodya