Tizamoyo ta choko tinayamba liti m'nyanja?

Wachoko:
Akuluakulu, ndithandizeni. Dzulo ndimauza ana m'kalasi kuti choko chimachokera ku tizamoyo toyandama m'nyanja yamchere, tija timadzikuta ndi timamba ta laimu. Kuti akhulupirire, ndinadonthezera viniga pa choko cholembera ndikuyembekezera thovu. Choko chili zii! Ana onse kuphulika kuseka. Kenako kamtsikana kena kakutsogolo n'kufunsa kuti tizamoyoto tinayamba liti. Ine ndinangoti "kalekale", thukuta lili kamukamu. Ndiye kalekale lakelo ndi liti?

Wamiyala:
Pepani aphunzitsi, choko chambiri cholembera masiku ano ndi gypsum, mwala wofewa womwe si laimu, ndiye viniga sachita nacho kanthu. Choko chenicheni ndi chija cha maphompho oyera a ku Dover, ku England, chomwe chinaunjikana m'nyengo ya Cretaceous. Dzina la nyengoyo linachokera ku mawu achilatini akuti creta, kutanthauza choko.

Koma chiyambi chili kumbuyo kwa pamenepo. Timambato, totchedwa coccolith, timapangidwa ndi ndere za selo imodzi. Takale kwambiri tomwe tapezeka ndi takumapeto kwa nyengo ya Triassic, zaka pafupifupi 210 miliyoni zapitazo, m'miyala ya mapiri a Alps ku Austria. Mtundu wina, Crucirhabdus minutus, ngwaung'ono moti mungandandalike timamba pafupifupi 500 pa milimita imodzi. Zaka 201 miliyoni zapitazo kunagwa chipiyoyo chomwe chinapulula zamoyo zambiri, tizamoyo ta timambati tochepa tokha n'kupulumuka, ndipo tomweto ndi tomwe tinaswana m'nyengo ya Jurassic. Ma foraminifera oyandama, gulu lina la tizamoyo ta selo imodzi, omwenso ali ndi zigoba za laimu, anabwera pambuyo, mu Jurassic momwemo, ngakhale makolo awo anakhala akukwawa pansi pa nyanja kuyambira kale kwambiri.

Mlondamadzi:
Achimwene a Wamiyala anena zoona, koma ine 210 miliyoniyo ndimayigwira ndi dzanja limodzi. Kuoneka koyamba m'miyala si kubadwa ayi. Ndere yopanda timamba ikafa imangowola, siisiya chizindikiro, ndiye mtundu wake ukhoza kukhala utayandama zaka zosawerengeka usanayambe kuvala laimu. Chinanso, pansi pa nyanja sipakalamba. Pamamira pang'onopang'ono kulowa m'kati mwa dziko, moti pansi pa nyanja zikuluzikulu, malo akale kwambiri ndi a zaka pafupifupi 180 miliyoni basi. Matope akuya a Triassic ambiri anapita nawo umboni wawo. N'chifukwa chake za m'nyanjazi tikukazifuna pamwamba pa mapiri, pomwe nthaka inatukula matope ena n'kuwasunga.

Musadandaule kwambiri aphunzitsi. Ngakhale wasayansi Christian Ehrenberg ataona timambati m'choko mu 1836 anati si tamoyo. Wasayansi wina, Thomas Huxley, yemwe anapatsa timambati dzina loti coccolith mu 1858 atatipeza m'matope a pansi pa Atlantic, nayenso poyamba anaganiza chimodzimodzi.

Wachoko:
Zikomo nonse. Kamtsikanako ndikauza kuti m'miyala ndi zaka pafupifupi 210 miliyoni, ndipo za pansi pa nyanja pomamira ndikajambula pa bolodi ndi gypsum wanga yemweyu. Viniga watsala theka la botolo, Lolemba ndikayesa pa chigoba cha dzira. Koma ulendo uno ndiyamba ndayesa ndekha kunyumba, chitseko chotseka.