Thandizeni abale, tsamba loyambira pa intaneti lodalirika ndi liti?

Mwaswera bwanji nonse. Funso langa likupita kwa inu odziwa za makompyuta. Ine ndimagwira ntchito ya ulembi pa kaofesi kakang'ono ndipo ndinali ndi tsamba langa loyambira, lija ukangotsegula brawuza limabwera ndi zonse pamodzi, mitu ya nkhani, zanyengo, kalenda, ntchito za tsikulo, malinki a imelo, a banki ndi a MRA. Tsono eni ake alengeza kuti akulitseka. Mnyamata amene amatikonzera makompyuta anandiikira ka extension kena, kapulogalamu koonjezera mu brawuza, kuti kalowe m'malo, kokongola ndithu ka zithunzi za mapiri, koma chiikireni ndikasaka kanthu sizikupitanso pa Google zikudzera tsamba lina lachilendo, kenako zotsatsa za juga mbwee pa sikirini mpaka abwana anandifunsa ngati ndayamba kubetcha. Laputopu yomweyi ndi imene timalipirira misonkho ya ofesi ndiye mtima suli m'malo. Ndigwiritse ntchito chani chomwe sichingandibere zinthu, komanso chosadya bandulo kwambiri?

Mphwanga wa ku Area 25:
Amayi musanasake china chotsani kaye kameneko lero lomwe. Pa Chrome lembani chrome://extensions pamwamba paja pa adiresi, mukaona mndandanda wonse, dinani Remove. Mukatero pitani ku Settings mubwezeretse Google pa Search engine, muonenso pa On startup ngati sanasiyepo tsamba lawo. Pasiwedi ya imelo ndi ya banki musinthe mukamaliza kuchotsako osati musanachotse, apo ayi yatsopanoyo aionanso.

Achemwali a ku Zomba:
Zoona zimenezo. Vuto lake ma extension ambiri a new tab amapempha chilolezo chowerenga ndi kusintha zonse pa masamba onse amene mukutsegula, anthufe timangodina kuvomera osawerenga. Kanthu kongoonetsa zithunzi ndi wotchi kakufuniranji kuona tsamba la banki? Ine ndimakonda tsamba wamba lomwe umalowa ndi akaunti, chifukwa ilo silingasuzumire ma tab ena, limangodziwa zomwe mwaikamo nokha.

Bambo a Dalitso:
Ife akale zimenezi tinadutsamo. iGoogle, tsamba loyambira la Google, inatsekedwa pa 1 November 2013, Google Reader yowerengera nkhani inali itapita kale pa 1 July chaka chomwecho, anthu tinabalalika ena ku Netvibes ena ku Feedly. Pocket ya Mozilla, yosungira nkhani zodzawerenga, nayo inatsekedwa mu July 2025. Ndiye kudalirika kuli pawiri mayi, kwina ndi kusakuberani, kwina ndi kukulolani kutuluka ndi katundu wanu tsiku lomwe atseke. Panopa ndili pa start.me, kampani yake ndi ya ku Netherlands kotero imamangidwa ndi lamulo la GDPR lija la ku Europe loteteza zinsinsi za anthu, ndipo Protopage ya ku UK ilipo kuyambira 2005. Zonse ziwiri zili ndi gawo laulere. Koma musanakhazikike onani ngati pali Export, njira yotulutsira zinthu zanu. Malinki asungeni ngati fayilo ya HTML, nkhani za RSS ngati fayilo ya OPML, muike pa flash. Tsamba lanu lakalelo ngati lisanatsekedwe thamangani mukatulutse zimenezi panopa.

Mwini funso:
Zikomo bambo, likadatseguka. RSS yo ndiye chani kodi, ndimangoona mitu ya nkhani ikubwera yokha.

Bambo a Dalitso:
Ndi yomweyo imene imakubweretserani mituyo. Masamba ambiri a nkhani opangidwa ndi WordPress mukaonjezera /feed kumapeto kwa adiresi mumaipeza, mumangoimata mu bokosi la nkhani basi. Nthawi zambiri imabwera ndi mawu okhaokha ndiye bandulo siyipweteka.

Mnyamata wa ma network:
Ine ndikutsutsako pang'ono akuluakulu. Pa laputopu yolipirira misonkho sindingaike chilichonse cha kampani ina. Brawuza ili nazo kale, Ctrl+Shift+B imakutulutsirani bookmarks bar, ikani malinki anu asanu kapena khumi pamenepo, pa Firefox mutha kuchita pin ma shortcut pa tab yatsopano. Pa On startup muthanso kuuza Chrome kuti izitsegula imelo ndi kalenda nthawi imodzi. Ndipo netiweki ikavuta tsamba la pa intaneti lija silitseguka mumangoyang'ana kuzungulira, pomwe ma bookmark amakhala mu makina mwanu.

Achemwali a ku Zomba:
Nanga zanyengo ndi nkhani achimwene? Mayiwa akufuna zonse pamalo amodzi. Atha kuphatikiza, linki ya banki ndi ya MRA zikhale mu bookmark atazilemba okha, zankhani ndi zanyengo zikhale pa start.me kapena Protopage. Chachikulu mayi, mu timabokosi ta manotsi tija musalembemo pasiwedi kapena PIN ngakhale zitavuta bwanji, ndipo muonetsetse kuti tsambalo lili pa private chifukwa ena amaliika public osadziwa, aliyense wokhala ndi linki nkumawerenga.

Mwini funso:
Ndakachotsa ka extension kaja, kusaka kwabwerera pa Google ndipo za juga zasiya. Fayilo ya OPML nayo ndatulutsa. Pasiwedi ya banki ndasintha, koma ya imelo ya ofesi timagwiritsa ntchito anthu atatu ndiye ndidikire abwana mawa. Komano pa mndandanda paja pali ma extension ena awiri omwe sindikuwadziwa, ina yalembedwa za PDF ina za coupons, ndichotsenso kapena ya PDF yo ndi yofunika potsegula ma invoice?

Mphwanga wa ku Area 25:
Chotsani zonse ziwiri amayi, Chrome imatsegula PDF payokha. Imelo ya ofesiyo abwana akabwera muyatsenso 2-step verification, ija yofunsa kodi yobwera pa foni kuonjezera pa pasiwedi, pa nambala ya foni ya ofesi.