Ndithandizeni: mbiri ya ofesala wa Ajeremani amene agogo anamunyamula pa machira ndikaipeze kuti?

Wofunsa

Moni nonse a m'gulu lino. Pepani ndilemba zambiri, koma nkhaniyi ndazungulira nayo miyezi isanu ndipo mutu waima.

Agogo awo a bambo anga anali a tengatenga pa nkhondo ya Chiwaya, nkhondo yoyamba ya padziko lonse ija. Sanavalepo yunifolomu ya usilikali. Amfumu atauzidwa kuti apereke amuna, iwo anatengedwa kumudzi ku Ntcheu n'kupita nawo ku Fort Johnston, kumene lero timati ku Mangochi. Zimene azakhali anga akukumbukira, zomwe nawonso anangomva kwa mayi awo, n'zakuti anayenda "kwa Apwitikizi" miyezi yambiri, ndipo chakumapeto iwo ndi anzawo atatu anapatsidwa ntchito yonyamula pa machira Mjeremani wovulala mwendo amene anzake anamusiya. Anamunyamula masiku angapo mpaka pa chipatala cha matenti. Posiyana, mzunguyo anawapatsa kabokosi kachitsulo koikamo ndudu.

Kabokosiko kalipo mpaka lero. Azakhali amakasunga m'sutikesi, pansi pa yunifolomu yawo ya Mvano. M'kati mwake muli positi khadi yopindidwa pakati, yofiirira ngati fodya wowuma, yokhala ndi sitampa ya nkhalamba yandevu. Zolembedwazo zikungooneka ngati mano a sowo, mizere yokwera ndi kutsika. Zimene ndatha kuwerenga ndi "Oblt." patsogolo pa dzina, ndi mawu akuti "Wilhelmstal" m'munsi. Dzinalo sindilemba pano, chifukwa anthu atatu amene ndawaonetsa aliwerenga mosiyana onse.

Ndiulule ndithu: ndinatumiza ndalama kwa munthu wina wa pa intaneti amene analonjeza kundipezera "fayilo yonse" m'masabata awiri. Anangonditumizira tsamba limodzi la mbiri ya von Lettow-Vorbeck, mtsogoleri wa asilikali a Ajeremani ku East Africa, tsamba lomwe ndikanalipeza ndekha kwaulere, kenaka anandibuloka.

Mzunguyu si m'bale wanga. Ndikumufuna chifukwa iye analembedwa m'mabuku, agogo ayi. Ndikadziwa tsiku ndi malo amene anagwidwa, ndiye kuti ndadziwa pamene agogo anaponda. Ndiyambire pati?

Mphunzitsi wopuma, Zomba

Mwana wanga, nzeru yanu yotsata mzungu kuti mupeze agogo ndi yabwino. Amuna a Nyasaland amene anasenza katundu pa nkhondo imeneyo anali pafupifupi 200,000, ndipo ambiri maina awo sanasungidwe. Ngakhale pa chipilala cha asilikali kuno ku Zomba mupezapo maina a asilikali a KAR (King's African Rifles, asilikali achikuda a Angerezi), osati a tengatenga.

"Oblt." ndi chidule cha Oberleutnant, udindo wa pakati pa Leutnant ndi Hauptmann. Ndiye munthu wanuyo analidi ofesala. Zimenezo zikuchepetsa ntchito, chifukwa maofesala anali ochepa. Nkhondo isanayambe, gulu la Schutztruppe, asilikali a atsamunda a Ajeremani, la ku German East Africa (makamaka Tanzania ya lero) linali ndi azungu pafupifupi 260 okha ndi makampani 14 a asikari. Wilhelmstal ndi Lushoto ya lero, m'mapiri a Usambara ku Tanzania, dera la minda ya azungu. Ndikuganiza kuti munthuyu anali mlimi kapena wantchito wa boma amene anaitanidwa ku usilikali mu Ogasiti 1914. Onaninso bwino ngati pambuyo pa "Oblt." palibe tizilembo tina.

Wa ku Karonga

Bwerani kuno kwathu, Ajeremani aja anagona konkuno. Nkhondo ya pa 9 Sepitembala 1914 inachitikira pano, mtsogoleri wawo von Langenn-Steinkeller anavulala, ndipo manda alipo.

Mphunzitsi wopuma, Zomba

Achimwene a ku Karonga, zimenezo n'zoona, koma si nkhondo ya agogo a mnzathuyu. Ajeremani anawoloka mtsinje wa Rovuma kulowa kwa Apwitikizi, ku Mozambique ya lero, pa 25 Novembala 1917, pa Ngomano. Wonena kuti "kwa Apwitikizi" akunena za 1918.

Namwino wokhala ku Stuttgart

Ine ndinathandizapo apongozi anga aamuna kufufuza za agogo awo, ndiye ndikuuzeni zimene zinatipweteketsa mutu.

Musalembe kalata kulikonse musanadziwe kuti munthuyu anali wa gulu lankhondo la dera liti. Masiku amenewo Germany inalibe gulu limodzi la asilikali apamtunda. Prussia, Bavaria, Saxony ndi Württemberg aliyense anali ndi lake, ndi mabuku akeake. Ichi ndicho chimagamula ngati mupeze kanthu kapena mubwere chimanjamanja. Nkhokwe ya zikalata za asilikali a Prussia inali ku Potsdam, ndipo inapsa ndi mabomba a ndege za Angerezi usiku wa pa 14 Epulo 1945. Mafayilo ochuluka a maofesala a Prussia anathera pomwepo, pamodzi ndi zikalata zambiri za Schutztruppe. Choncho wina akakulonjezani "fayilo yonse" asanakufunseni n'komwe kuti munthuyo anali wa kuti, dziwani kuti akufuna ndalama zanu basi.

Koma akakhala wa ku Bavaria mwalemera, chifukwa Kriegsarchiv, nkhokwe ya zikalata za asilikali, ya ku Munich inapulumuka, ndipo mabuku olembamo asilikali a nkhondo imeneyo anajambulidwa, ali pa intaneti pa tsamba la Ancestry. Za Württemberg zili kuno ku Stuttgart, za Baden ku Karlsruhe, za Saxony ku Dresden. Mwachitsanzo, General Kurt Wahle, nkhalamba ija inali itapuma kale ntchito n'kupita ku East Africa kukaona mwana wake mu 1914 nkhondo n'kuipeza komweko, inali ya ku Saxony, ndiye wofuna ntchito yake yakale amayang'ana ku Dresden. Zotsala za ku Potsdam ndi mapepala amene maofesala ena anasiya zili ku Militärarchiv ya ku Freiburg. Mafayilo a unduna wa atsamunda, a nambala R 1001, ali ku Bundesarchiv ku Berlin, ndipo ambiri amawerengeka pa kompyuta.

Ngakhale atakhala wa ku Prussia musataye mtima. Chaka ndi chaka mpaka 1914 ankasindikiza buku lotchedwa Rangliste, lolemba ofesala aliyense, rejimenti yake ndi tsiku limene anakwezedwa. Mukasanja mabuku a zaka zotsatizana mumamuona munthu akukwera, ngati mwana pa malipoti a kusukulu. Vuto lake, nthawi zambiri amangolemba dzina la makolo, la ubatizo ayi. Ife tinatsata munthu wolakwika mwezi wathunthu, kenaka n'kuzindikira kuti anali awiri a dzina limodzi m'magulu oyandikana.

Zolemba ngati mano a sowo zija amazitcha Kurrent. Ngakhale Ajeremani achinyamata sazitha. Chilembo e chimaoneka ngati n, ndipo h amakhala ndi mchira wautali wopita pansi. N'chifukwa chake anthu atatu akupatsani maina atatu.

Membala wosadzitchula dzina

Koma abale, mukuvutikiranji ndi anthu amenewa? Lettow-Vorbeck amene mukumutchulayo anali nawo ku Namibia mu 1904 pamene Aherero ndi Anama ankapululidwa. Gulu lomwelo la Schutztruppe ndi limene linawotcha midzi ndi minda pa nkhondo ya Maji Maji ku Tanzania, anthu n'kufa ndi njala ku Songea konse. Agogo anu anathyoka msana kunyamula munthu woteroyo, malipiro ake kabokosi ka ndudu, lero mdzukulu mukuwononganso ndalama kumufunafuna. Ine zandinyansa.

Wofunsa

Ndakumvani, ndipo sindikutsutsa ngakhale chimodzi. Sindikufuna kumuikira nkhata. Azakhali amati agogo anabwerako mapewa ali zipsera zokhazokha, ndipo sankalola mwana kusewera ndi kabokosiko. Kaya ankakakonda kaya ankadana nako, iwo okha ndiwo ankadziwa. Koma njira ina yodziwira kumene anafika ndilibe. Ngati muli nayo ndipatseni, mzunguyu ndimusiya lero lomwe.

Wosonkhanitsa masitampa, Limbe

Nonse mwadumpha chinthu chophweka. Sitampa ija! Masiku amenewo masitampa a Germany yeniyeni ankakhala ndi chithunzi cha mkazi wovala chisoti chachifumu, a ku East Africa ankakhala ndi sitima yapamadzi ya mfumu yawo. Nkhalamba yandevu ndi ya kwina. Bavaria inali ndi masitampa akeake olembedwa "Bayern", a Luitpold wa ndevu zazitali kapena a Ludwig III, ndipo mtengo wake unali mu Pfennig. Ikakhala nkhalamba ya ndevu zam'mbali koma chibwano chometa, ameneyo ndi Franz Joseph wa ku Austria. Chenjerani ndi mawu akuti Heller paokha, chifukwa Austria ndi German East Africa onse ankagwiritsa ntchito Heller. Yang'anani chibwano.

Wofunsa

Bambo a ku Limbe, mwandidzidzimutsa. Ndaimbira msuweni wanga kumudzi, wajambulanso khadiyo panja pa dzuwa. Chibwano n'chometa, ndevu zili m'mbali. Pa chidindo pakuoneka "Graz" ndi 13, ndiye mwina 1913. Ndipo a mphunzitsi munanena zoona, tizilembo tina tilipo: "i. d. Res."

Namwino wokhala ku Stuttgart

Eee, ndiye nkhani yatembenuka. Sitampa payokha ikanangotiuza kumene khadi inachokera, poti mlongo wake kapena bwenzi lake akanatha kukhala ku Graz iye ali Mjeremani. Koma "i. d. Res." ndi kalembedwe ka ku Austria. Ajeremani ankalemba "d. R." basi. Onse awiri akutanthauza ofesala amene amagwira ntchito zake zina n'kumaitanidwa nkhondo ikabuka. Zikuoneka kuti "Mjeremani" wa agogo anu anali wa ku Austria-Hungary, amene nkhondo inamupeza ku Usambara n'kulowa m'gulu la Ajeremani, poti maiko awiriwo anali mbali imodzi.

Kwa inu ndi mwayi. Kriegsarchiv ya ku Vienna sinapse ngati ya ku Potsdam. Kumeneko kuli mapepala otchedwa Qualifikationsliste, amene akuluakulu ankalembamo za ofesala aliyense: kumene anabadwira, sukulu, zilankhulo zimene amadziwa, magulu amene watumikira, ngakhale khalidwe lake. Austria nayonso inkasindikiza buku la chaka ndi chaka la maofesala, lotchedwa Schematismus, ndipo maofesala a "Res." alimo. Chokhacho, Austria-Hungary itagawanika mu 1918, mapepala ambiri a asilikali anatsatira maiko atsopano, monga Prague kwa obadwira ku Bohemia. Za maofesala yambani ndi Vienna ndithu. Koma musayembekezere kuti fayilo ya ku Vienna ikuuzani za ku Africa kuno. Ikupatsani dzina lenileni ndi tsiku lobadwa. Za machira zija zili kwina.

Mphunzitsi wopuma, Zomba

Kwinako ndiko ndikufuna ndinenepo. Mukapeza dzina, pitani pa makadi a akaidi a nkhondo amene a Red Cross a ku Geneva anaika pa intaneti kwaulere. Munthu wogwidwa ndi Angerezi ankalembedwa, kawirikawiri ndi malo ndi tsiku limene anagwidwa, asanatumizidwe ku misasa monga ya ku Egypt, Malta kapena Ahmednagar ku India. Onaninso mindandanda ya ovulala ya Ajeremani, Verlustlisten, imene anthu ongodzipereka anailemba yonse pa kompyuta. A Schutztruppe alimo, ngakhale nkhani zawo zinkafika mochedwa kwambiri. Nyuzipepala ya Deutsch-Ostafrikanische Zeitung ingakuonetseni munthuyo asanavale yunifolomu, poti inkalemba obwera pa sitima ndi ogula minda.

Kusiya ovulala chinali chizolowezi cha Lettow-Vorbeck. Gulu lake linkayenda mothawa, ndiye odwala ndi ovulala kwambiri ankawasiya kuti Angerezi awatole. Wahle yemweyo anasiyidwa atadwala mu Okutobala 1918. Mtima wanga ukuloza ku Lioma, kufupi ndi Gurué, kumene pa 30 ndi 31 Ogasiti 1918 asilikali a KAR ochokera kuno kwathu anawapweteka Ajeremani kwambiri. Koma musalembe Lioma m'mbiri ya banja musanaone khadi ya Red Cross. Mukapeza tsiku, funani mabuku a tsiku ndi tsiku a magulu a Angerezi, a nambala WO 95, ku nkhokwe ya zikalata ya ku Kew ku London. M'menemo kalaliki akhoza kukhala atalemba kuti tsiku lakuti ofesala wogwidwa anatumizidwa ku chipatala chakuti ndi onyamula angapo. Dzina la agogo simulipeza, koma "onyamula anayi" amenewo muwadziwa inu.

Wa ku Chipata

Ife kuno ku Zambia timangodziwa kuti Ajeremaniwo anamva za kutha kwa nkhondo ali pa mtsinje wa Chambeshi, n'kukatula zida ku Abercorn, Mbala ya lero, pa 25 Novembala 1918. Azungu amene anafika kumeneko anali 155 okha, maofesala 30. Wanuyo sali pa mndandanda umenewo ngati anasiyidwa kwa Apwitikizi, ndiye musataye nthawi kumufuna pamenepo.

Wofunsa

Zikomo nonse, mwandichotsa m'tchire. Ndalemba motere: dzina liwerengedwe kaye, kenaka Schematismus ndi makadi a Red Cross, Vienna pambuyo. Achemwali a ku Stuttgart, mungandiwerengereko ndikakutumizirani chithunzi kumbali?

Namwino wokhala ku Stuttgart

Tumizani. Ine Kurrent imandivuta, koma apongozi anga aakazi ali ndi zaka 88 ndipo makalata a makolo awo anakula akuwerenga zilembo zomwezo. Ndikupita kwawo Lamlungu. Msuweni wanuyo ajambule mbali zonse ziwiri, khadi itagona pansi, osayatsa fulashi. Asayese kuiwongola popindika paja, ingathyoke.

Wofunsa

Ndamuuza. Akuti azakhali abweza kale kabokosi m'sutikesi ndipo kiyi amumanga pa chitenje. Akuti akatulutsanso mawa akabwera ku maliro, koma khadi aigwira okha.