Dzino likuwawabe kwambiri atachotsa mtsempha: ndipirire kapena ndibwerere kuchipatala?

Nachisale

Moni nonse. Ndikupempha nzeru kwa odziwa za mano. Lachiwiri anandipanga root canal (kuchotsa mtsempha ndi kutsuka m'kati mwa mizu) pa dzino lotafunira la m'munsi, mbali ya kumanja. Anamata ndi simenti yongoyembekezera, akuti ndikapitenso pakatha milungu iwiri kuti akamalize. Lero ndi Lachinayi koma ululu wake waposa umene ndinapita nawo. Mano akangogundana ndimachita kudumpha, ndipo usiku tulo palibe. Panado sakuphula kanthu. Tsaya silinatupe, thupi silikutentha. Poti mtsempha anachotsa, chikuwawacho n'chiyani? Ena akuti ndigule amoxicillin, ena akuti ndingokazulitsa basi.

Mbewe wa ku Area 25

Pepani amayi, ululu umenewu ndi wosowetsa mtendere. Koma chikuwawacho si mtsempha umene anachotsa uja. Muzu wa dzino umakhala m'fupa la nsagwada, ndipo pakati pa muzu ndi fupa pali kamnofu kopyapyala kogwiriziza dzinolo. Kamnofu kameneka kali ndi mitsempha yakeyake, imene root canal saichotsa. Dokotala akamapala m'kati mwa mizu ndi tizitsulo tija, zinyenyeswa zina, tizilombo, ngakhalenso mankhwala otsukira zimatha kudutsa pa kabowo ka kunsonga kwa muzu. Kamnofu kaja kamatupa, koma poti kazunguliridwa ndi fupa, kalibe kotupira. N'chifukwa chake kuluma kumawawa chotero. Ululu wotere umakula pa tsiku loyamba mpaka lachitatu, kenako umayamba kuzilala, ndipo kwa ambiri ukamatha mlungu umakhala utatsala pang'ono. Dzino limene linkawawa kale kwambiri kapena linali ndi mafinya musanapite ndiye limavuta koposa.

Panado payekha amachepa mphamvu chifukwa salimbana kwenikweni ndi kutupako. Chimene chimagwira bwino ndi kuphatikiza awiri, ibuprofen, amene ambiri timangoti Brufen, ndi paracetamol, amene ndi Panado yemweyo. Kwa munthu wamkulu wopanda matenda ena: ibuprofen 400 mg pa maola 8 aliwonse, mutadya kaye, ndi paracetamol 1000 mg, kutanthauza mapilitsi awiri a 500 mg, pa maola 6 aliwonse. Paracetamol asapitirire mapilitsi 8 pa maola 24. Ibuprofen wogula nokha asapitirire 1200 mg pa tsiku. Wochuluka kuposa pamenepo alembe dokotala. Ngati simukwana makilo 50, kapena muli ndi vuto la chiwindi, kapena mumamwa mowa kwambiri, paracetamol azikhala pilitsi limodzi nthawi iliyonse mpaka mufunse kuchipatala.

Pamene ambiri amalakwitsa ndi apa: amadikira ululu ufike pachimake ndiye n'kumwa. Imwani motsatira wotchi kwa masiku awiri kapena atatu, ngakhale kukuoneka ngati kwaleka, kenako muyambe kuchepetsa. Muzilemba nthawi imene mwamwa papepala, chifukwa munthu wosagona amaiwala n'kubwereza.

Ibuprofen musamwe ngati muli ndi zilonda za m'mimba, vuto la impso, mphumu imene imayamba mukamwa aspirin, ngati mumamwa mankhwala osungunula magazi monga warfarin, kapena ngati muli oyembekezera. Musaphatikizenso ndi diclofenac, Indocid kapena aspirin. Onsewa ndi a banja limodzi, ululu sachepetsa kuposa, koma m'mimba ndiye amawononga. Mankhwala ambiri a chimfine amakhala ndi paracetamol m'kati, choncho werengani papaketi.

Mayi a Tadala

Zimene anena a Mbewe n'zoona, koma ine khutu langa lagwira pa mawu akuti mano akangogundana mumadumpha. Yesani izi: tsekani pakamwa pang'onopang'ono, mumve kuti dzino loyamba kugunda linzake ndi liti. Ngati ndi lomwe anapangalo, ndiye kuti simenti ija inatalika. Zimachitika kawirikawiri, chifukwa pomata munthu amakhala ali ndi dzanzi la jakisoni, ndiye akafunsidwa ngati zili bwino amangovomera. Komanso kutupa kwa pansi pa muzu kumakankhira dzino m'mwamba pang'ono. Tsono mphamvu yonse ya nsagwada imathera pa dzino limodzi lodwala, ngakhale pomeza malovu. Mapilitsi sangathetse zimenezi.

Musadikire milungu iwiri ija. Imbani kapena pitani mawa, munene kuti dzino latalika. Amakulumitsani kapepala kokhala ndi utoto, n'kuona pamene pathimbirira, n'kupala pang'ono ndi makina. Ndi ntchito ya mphindi zochepa, nthawi zambiri safunanso jakisoni, ndipo mpumulo umabwera tsiku lomwelo kapena mawa lake. Musayese kupala nokha kunyumba.

Pakali pano kulungani madzi oundana m'kansalu, muike patsaya mphindi 15, muchotse mphindi 15, n'kubwerezanso. Kuthowa ndi madzi otentha kunja kwa tsaya ayi, chifukwa ngati pansipo pali mafinya, kutentha kumakulitsa chotupa. M'kamwa mukhoza kuchukucha ndi madzi ofunda, theka la supuni yaing'ono ya mchere mu kapu imodzi, katatu kapena kanayi pa tsiku. Zimathandiza nkhama zimene zinapanidwa ndi zitsulo komanso pobaya jakisoni. Pogona ikani mapilo awiri kuti mutu ukhale m'mwamba, popeza mukagona chafulati magazi amathamangira kumutu ndipo dzino limayamba kugunda ngati mtima.

Tafunirani kumanzere. Phala, nsima yofewa, mazira, nthochi, chambiko zili bwino. Nzimbe, chimanga chokazinga, mtedza ndi mafupa a nkhuku dikirani kaye mpaka dzino livekedwe crown, kachisoti kolimba kovindikira dzino lonse, chifukwa dzino lobooledwa pakati limang'aluka mosavuta.

Ndipo chonde musaike pilitsi la aspirin pankhama, limaotcha n'kusiya chilonda choyera. Fodya, kachasu, mafuta a mabuleki kapena madzi a batire, zonsezi zimawononga m'kamwa ndipo sizingafike kunsonga kwa muzu kumene kuli vuto.

Nachisale

Zikomo kwambiri. Ndayesa, dzino limenelo ndi limene likuyambadi kugunda. Koma ndinaiwala kunena kuti ndimamwa mankhwala a BP. Brufen ndingamwe? Nanga za amoxicillin zija?

Sista Nyagondwe

Amayi, mwachita bwino kunena. Zimatengera kuti mumamwa ati. Ngati ndi enalapril pamodzi ndi hydrochlorothiazide (mapilitsi okodzetsa aja), kuwonjezerapo ibuprofen kumapanikiza impso, makamaka ngati simukudya ndi kumwa madzi mokwanira, zomwe zimachitika munthu akamamva dzino. Amathanso kukweza BP. Ngati ndi amlodipine yekha vutolo limachepa. Tengani buku lanu la kuchipatala kapena mapaketi a mankhwalawo mukaonetse dokotala kapena wa ku famase musanayambe Brufen. Usiku uno pitirizani paracetamol pa maola 6 aliwonse ndi madzi oundana aja. Amene amamwa ma ARV okhala ndi tenofovir nawonso azifunsa kaye, nkhani yake ndi ya impso yomweyo.

Amoxicillin si mankhwala a ululu. Mwanena kuti tsaya silinatupe ndipo thupi silikutentha, ndiye palibe chimene angakuchitireni. M'kati mwa dzino lochotsedwa mtsempha simuyendanso magazi, choncho mankhwala akumwa safikamo. Chimene chimachotsa tizilombo mmenemo ndi kutsuka kwa dokotala. Anthu amamwa makapisozi pa tsiku lachitatu, ululu n'kuzilala pa tsiku lachisanu, n'kumatama amoxicillin, pamene kutupako kukanatha kokha. Chimene amapindula ndi kutsegula m'mimba, ndi tizilombo tosamva mankhwala tsiku limene adzawafunedi.

Amafunika pamene matenda ayamba kufalikira: tsaya latupa, thupi latentha, munthu walefuka, mwanabere watuluka m'khosi. Pamenepo dokotala amalemba amoxicillin 500 mg katatu pa tsiku kwa masiku ochepa, nthawi zina n'kuwonjezera metronidazole, amene sagwirizana ndi mowa ngakhale pang'ono. Koma ngakhale apo, chachikulu ndi kutsegula dzino kapena kuboola chotupa kuti mafinya atuluke. Amene penicillin amawatulutsa ziwengo anene asanawalembere mankhwala, poti amoxicillin ndi wa banja lomwelo.

Tsono izi muziyang'anira, poti dzino lanu ndi la m'munsi. Mafinya a mano otafunira a m'munsi amatha kutsikira pansi pa lilime ndi m'khosi, matenda amene madokotala amati Ludwig's angina, ndipo amatseka njira ya mpweya m'maola ochepa. Mukaona kutupa pansi pa chibwano, lilime likukankhidwira m'mwamba, kumeza kukuvuta, malovu akungotuluka, mawu asintha, kupuma kukuvuta, kapena pakamwa sipakutseguka moti zala ziwiri n'kulowa, pitani kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku. Kwa dzino la m'mwamba chizindikiro choopsa ndi kutupa kofika kudiso. Musayembekeze kuti kiliniki ya mano itsegule. Pitani ku chipatala chachikulu chimene muli nacho pafupi, kaya cha boma lanu, Queen Elizabeth, Kamuzu Central, Zomba kapena Mzuzu Central. Odwala shuga ndi amene chitetezo cha m'thupi chatsika asachedwe n'komwe, kwa iwo zimathamanga. Thupi likatentha kufika madigiri 38, yezetsani malungo, koma muwauzenso za dzinolo kuti lisaiwalike.

China: mlomo wa m'munsi kapena chibwano zikakhalabe dzanzi tsiku lathunthu jakisoni atatha, kanenenitu msanga. Mtsempha waukulu wa nsagwada umadutsa pafupi ndi nsonga za mizu imeneyo, ndipo mankhwala oikidwa m'mizu akadutsa amatha kuukhudza.

Achimwene a ku Ndirande

Ine ndiyankhe za kuzulitsa. Pa tsiku lachitatu n'kufulumira kwambiri, mayi. Ntchitoyo sinathe n'komwe. Ululu ukapitirira atapala simenti, dokotala akhoza kutsegulanso dzino, kutsuka mizu, kutulutsa mafinya ngati alimo, n'kuikamo mankhwala otchedwa calcium hydroxide kuti aphe tizilombo totsala, n'kumatanso. Nthawi zambiri pamathera pamenepo.

Ululu ukapitirira mlungu koma osazilala, kapena ukaleka n'kuyambiranso, ndiye pali zofufuza. Mano otafunira a m'munsi amakhala ndi mizu iwiri koma tinjira ta mtsempha titatu, ena tinayi. Dzino loyamba lotafunira la m'mwamba ndiye limatchuka ndi kanjira kachinayi kobisika, kamene amakatchula MB2. Kanjira kamodzi kakaphonyedwa, mtsempha ndi tizilombo zimatsala mmenemo. Chizindikiro chake china n'chakuti dzino limamvabe tiyi wotentha kapena madzi ozizira, pamene lotsukidwa monse siliyenera kumva. Kungakhalenso kuti lowawa ndi dzino loyandikana nalo, ndiye pemphani kuti agogode ndi kuyesa mano onse a mbali imeneyo, ajambulenso X-ray mopendeketsa, chifukwa pa chithunzi chimodzi mizu imabisana.

Mng'alu ndiye nkhani ina. Umawawa mobaya mukaluma, makamaka pomasula, ndipo pa X-ray nthawi zambiri suoneka. Ukatsika mpaka kumuzu, pamenepo kuzula kumakhala koyenera. Koma kanjira kophonyedwa kamapezeka n'kutsukidwa, ndipo matenda a kunsonga akakanika pali opaleshoni yaing'ono yodula nsonga ya muzu. Mukazula dzino lotafunira, oyandikana nalo amapendekera pampatapo ndipo la m'mwamba limatsika pang'onopang'ono.

Ululu ukatha musathawe ulendo wachiwiri uja. Simenti yongoyembekezera imatha m'milungu yochepa, malovu n'kulowa, tizilombo n'kudzazanso m'mizu. Ikagwa lisanafike tsiku lanu, kamatitseninso m'masiku awiri kapena atatu, ndipo pakali pano muzitsuka pamalopo ndi mswachi wofewa mukatha kudya.